Kuyambira pa Adamu Mpaka Basi Yomaliza

Lolemba

Foni ikulira ndili panja, ndikuthirira maluwa a Nambewe. Ndi alamu a Mbewe a ku Kasenengwa, mlongo wake wa mkazi wanga. Moni wautali: kutentha, ng'ombe, mbewu ya nsawa. Kenaka mawu atsika.

"Alamu, Lamulungu tikubwera. Mukatuluka m'tchalitchi tikhale pansi, tikusudzuleni. Mwalira mokwanira."

Mwalira mokwanira! Wayeza ndani? Pa sikelo iti?

Mwezi wangotha kumene chiikire Nambewe m'manda. Kusudzula ndikukudziwa, ndakuonapo kwa anzanga. Abale a malemu amabwera, amagawana zovala, amakuuza kuti ndiwe mfulu, sulinso mkamwini wawo, ukafuna kukwatira kwina njira ndi iyo. Anthu amati n'chifundo. Koma ine ufulu ndinaupempha liti? Uphunzitsi ndinapuma kalekale. Ntchito yokha imene yanditsalira, imene ndikuidziwa bwino, ndi kukhala mwamuna wa Nambewe. Tsopano akufuna andichotsenso pamenepo.

Ndayankha kuti, "Chabwino alamu, tikulandirani." Pakamwa pangapa pamandigulitsa chonchi nthawi zonse.

Masana. Kudya kwakanika. Ndatsegula Baibulo koyambirira kwenikweni. Ndaona chinthu chimene aphunzitsi onse a mawu sachitchula: Adamu analibe alamu. Analibe apongozi. Mkazi anamupeza pomwepo, wopanda mwini mbumba. N'chifukwa chake malowo ankatchedwa paradiso.

Madzulo. Nzeru yabwera!

Lamulungu lomwelo ndi tsiku la sewero la chilengedwe, limene Nambewe ankakonza chaka ndi chaka ku tchalitchi kwathu. Lake linali lalifupi: munda, chipatso, kuthamangitsidwa, nyimbo, basi. Abusa anati chaka chino tilisiye chifukwa cha maliro. Ayi. Ndilitenga ine, ndipo ndilitalikitsa. Basi yomaliza yopita kwa alamu imanyamuka dzuwa likangopendeka, ndipo alamu sagona m'tauni chifukwa cha ng'ombe zawo. Sewero likatha mochedwa athamangira basi, mwambo ulephereka. Akamadzati abwerenso mvula yagwa, aliyense ali kumunda, msewu wawo wasanduka phala. Ndapulumuka mpaka masika!

Ndondomeko:
- masiku onse a chilengedwe, lililonse ndi nyimbo yake
- Adamu kutcha nyama maina, imodziimodzi, mosafulumira
- chipatso
- Kaini ndi Abele
- mibadwo yonse, uje anabala uje, ndi zaka zake zomwe (wowerenga ine)
- Nowa
- nsanja ya Babele, ya mabenchi

Nambewe, pachithunzi apo, musandiyang'ane choncho.

Lachiwiri

Abusa avomera msanga. Msanga kwambiri. "Aphunzitsi, zikuthandizani zimenezo, chitani." Munthu amene anakana kusuntha wotchi ya m'tchalitchi mpaka komiti itakhala pansi! Ndikukayika. Nambala ya alamu ali nayo, anapatsana pamaliro. Ndinaona ndi maso angawa.

Osewera amene ndapeza:
- Adamu: Mabvuto, wonyamula anthu pa njinga ku Kapata
- Hava: Misozi, mkazi wake weniweni
- mawu a Mulungu: bambo Jere, mkulu wa mpingo, kuseri kwa nsalu (malaiti akapita safuna maiki)
- njoka: palibe

Ndazungulira mpingo wonse. Wina: "Ana anga ali pasukulu, aziwatcha ana a njoka." Wina: "Aphunzitsi, chaka chamawa ndikuimira udikoni." Wina wangogwira msana n'kuyamba kubuula. Mayi wina wandiuza poyera: "Lero njoka ya sewero, mawa mwana wa neba akadwala aloza khomo langa."

Pamenepo ndakumbukira. Njoka anali Nambewe mwini wake, chaka chilichonse. Ankadzikulunga chitenje chobiriwira cha mawangamawanga, n'kumalankhula motsekemera mpaka mpingo wonse kumeza mate. Palibe anamutchapo mfiti. Ine ndinkakhala kutsogolo, ndikuseka, osadzifunsa chifukwa chake gawo limenelo silinkasintha mwini.

Chitenjecho chili mu wadirobu, mbali yake. Chibwerere kumanda sindinatsegule mbali imeneyo. Lero ayinso.

Mayi Zulu, wapampando wa amayi, mnzake wa Nambewe wa pamtima, abwera ndi bakuli la futali. Sanasiye pakhomo ayi. Alowa mpaka pabalaza, maso uku ndi uku. "Makina osokera aja akadali pomwe paja? Afumbiratu." Akufunsira ndani? Kazitape!

Komabe m'bakulimo simunatsale kanthu.

Lachitatu

Kuyeseza koyamba, pansi pa mango kuseri kwa tchalitchi. Dzuwa la Okutobala, ngakhale abuluzi abisala.

Zoipa zayamba ndi kwaya. Nyimbo ya kuwala ali nayo, ya nyenyezi ali nayo, koma ya udzu ndi nsomba akuti kulibe, ndipo kupeka sangapeke pa sabata imodzi. Bambo Jere akulenga mothamanga ngati akuwerenga zolengeza. Ndati pang'onopang'ono, bambo, muzipuma pakati. Ati, "Mulungu sanachedwe, aphunzitsi. Anangonena, chinachitika." Akunena zoona.

Maina a nyama. Mabvuto watchula ng'ombe, mbuzi, galu, mbewa, waima. Ndamuthandiza: njovu, chipembere, nungu, ngaka, kanyimbi, mvuu. Wati, "Zambiri chonchi anthu amva njala, aphunzitsi."

Ndiye chipatso. Mango sanapse, tagwiritsa papaya. Pofika pomwe Adamu akukankhira mlandu kwa mkazi, Mabvuto walankhula bwino. Bwino mopitirira muyeso. Wawonjezera zake: mchere wambiri m'ndiwo, foni yosachoka kukhutu, apongozi obwera mosalawira n'kukhala mpaka mwezi utaoneka. Zonsezi akuuza nsalu ya bambo Jere, chala chili kwa Misozi.

Misozi waika papaya pansi mofatsa, wakonza duku. "Mulungu wamva, mpingo wamva." Wapita.

Madzulo uthenga: wakwera basi, ali kwa amayi ake ku Chipangali.

Hava wachoka m'munda asanamuthamangitse. Mabuku ofotokoza nkhani imeneyi ndawerenga ambiri, akale ndi atsopano, koma palibe wolemba amene anaganizapo kuti zikanatha kutha chonchi.

Funso: wamulimbitsa mtima ndani? Mayi Zulu anamutengera pambali asananyamuke, akunong'onezana. Ndaona. Akuti ankamutonthoza. Kutonthoza kotani kothera pa siteshoni?

Lachinayi

Mabvuto watsatira mkazi wake. Ku Chipangali, pa njinga, dzuwa limeneli! Adamu kulibe, Hava kulibe. M'munda muli zii.

Ndalumphira kwa Kaini ndi Abele. Ndinasankha abale awiri a kwa Daka, a ku Madzimoyo, poganiza kuti abale enieni akometsa sewero. Palibe anandiuza kuti akulimbirana dimba chiyambire chaka chatha. Onse ankadziwa. Onse anangoti duu, kundiyang'ana ndikulowa m'dzenje.

Wamkulu wavomera za Kaini mokondwa kwambiri. Wabwera ndi mpini weniweni wa khasu. Wamng'ono wauyang'ana mpiniwo n'kuti, "Andiphe wina aliyense, uyu ayi. Nanga akazolowera?" Ndati basi, musinthane. Wamkulu: "Ine kugona pansi pamaso pa uyu? Mpingo ukuona?"

Ndawanyengerera, tayamba. Bambo Jere kuseri kwa nsalu afunsa kuti m'bale wake ali kuti. Wamkulu, mokweza: "Ali pa dimba langa!"

Mlandu wapita kwa abusa. Gawo lafufutidwa.

Kunyumba ndayeseza mibadwo, kuwerenga mokoka ngati maliro a mfumu. Uyu anakhala zaka mazanamazana, nabala, namwalira. Winanso chimodzimodzi. Pakati pake ndaima. Za amuna zalembedwa zonse, koma Hava anamwalira liti? Buku lili chete. Ngati anatsogola ndi iye, ndani anagawana zovala zake zachikopa zija? Ndani anapita kwa Adamu kukamuuza kuti walira mokwanira? Mwina n'chifukwa chake anakhalitsa chomwecho: panalibe womufulumiza.

Nambewe akanakhala pano akanati, "Inu, asiyeni akufawo apume, tiyi akuzizira."

Tiyi wazizira ndithu.

Mayi Zulu lero nkhwani wotendera. Afunsa ngati masutikesi a m'chipinda ali ndi makiyi ake. Ndati sindikudziwa. Ndikudziwa.

Lachisanu

Abusa andiitana ku ofesi. Tiyi ndi mabisiketi. Mabisiketi a abusa sabwera ndi nkhani yabwino.

"Aphunzitsi, mibadwo ija tiisiye. Pali ubatizo wa ana, pali zolengeza za feteleza, komanso tamva kuti muli ndi alendo."

Tamva! Kwa yani? Ndafunsa. Ayamba kuyang'ana kalendala ngati aiona koyamba.

Nowa. Bambo Jere akana kutenga magawo awiri: "Ndidzilamule ndekha, ndidziyankhenso ndekha?" Ndapeza kalipentala wa mumpingo, munthu wa ndevu zoyenera. Funso lake loyamba: "Paja pakumwa vinyo palipo?" Ndati palipo, ndipo m'pamene patalike. Akazi ake anali pafupi. "Awa mowa anasiya movutikira. Musawakumbutse." Amutenga padzanja, apita naye.

Chingalawa chinali choti chikhale ngolo. Mwini ngolo akututa njerwa mpaka sabata yamawa. Nyama ziwiriziwiri: kwabwera mbuzi imodzi ndi abakha osagwirizana. Mbuziyo yadya masamba a nthochi amene tinalukira Adamu ndi Hava. Palibe kanthu, ovala ake kulibe.

Nsanja ya Babele tayesa madzulo. Benchi pamwamba pa benchi. Yagwa yokha Mulungu asanatsike, yaboola ng'oma ya kwaya. A kwaya akukalipira a komiti ya katundu, a komiti akukalipira achinyamata, achinyamata akuloza ine, aliyense akulankhula zake, palibe akumva mnzake. Ndilo gawo lokhalo limene latuluka monga munalembedwera. Laletsedwa.

Amene ndikuwaganizira:
- abusa
- mayi Zulu (osafunsanso)
- bambo Jere (foni ikalira amatulukira panja)
- abale a kwa Daka, ngati mkangano uja sunali sewero lawolawo
- mbuzi. Ndafufuza: mwini wake anakwatira ku Kasenengwa!

Chatsala: munda, chipatso, kuthamangitsidwa, nyimbo. Ndiko kuti sewero la Nambewe, monga ankalichitira, koma lopanda anthu.

Sindinagonje. Ndapempha mkulu wina wodziwika ndi mapemphero osatha kuti adzatsekere. Ameneyo akayamba ndi odwala a ku Chipata amakathera kwa atsogoleri a maiko a kutsidya la nyanja. Basi ikhoza kuwasiyabe.

Loweruka

M'mawa, ndikutsuka mbale. Kugeti: "Odi kuno, alamu!"

Alamu a Mbewe. Pambuyo pawo amayi aang'ono a Nambewe ndi ndodo yawo, asuweni awiri, mphasa, zofunda, nkhuku yomanga miyendo.

"Tamva kuti kuli sewero lalitali, ndiye tati tibwereretu. Tigona konkuno, tibwerera Lolemba. Ng'ombe ndasiyira ana."

Lolemba! Munthu amene pa ukwati wa mwana wake yemwe anachoka keke isanadulidwe chifukwa cha ng'ombe!

Sabata yonse ndamanga pa basi yomaliza. Basiyo inyamuka mawa pa nthawi yake, yopanda alamu, ndipo palibe chimene chisinthe.

Ndawapatsa madzi, ndafunsa mofatsa kuti za sewero amva kwa yani. "Mphepo, alamu." Mphepoyo yafika masana ndi bakuli lalikulu, n'kuyamba kupatsana moni ndi amayi aang'ono ngati anthu olankhulana tsiku ndi tsiku. Mayi Zulu alibe ndi manyazi omwe.

Ndawatsatira kukhitchini kuti ndiwafunse bwinobwino. Sanadikire funso. "Aphunzitsi, mwezi wonse mwakhala mukuika mbale ziwiri patebulo. Ndimaona ndikabwera ndi chakudya. Foni kwa alamu anu ndinaimba ndine. Ndikwiyireni, palibe kanthu."

Ndafuna kukwiya. Poyambira sindikupaona.

Ndawafunsa za Misozi, za abale a kwa Daka, za mbuzi. Ati, "Zimenezo mwachita nokha, aphunzitsi." Sindikukhulupirira kwenikweni. Mbuzi ija inkadziwa chimene ikuchita.

Sewero abusa alengeza kale, kubwerera m'mbuyo kulibe. Alamu atamva kuti anthu athawa, aomba m'manja: "Adamu akusowa? Ndilipo ine. Ntchito yake n'kudya basi, si choncho?" Mayi Zulu avomera za Hava, koma ati masamba asawayandikire, avala yunifomu ya amayi. Yatsala njoka. Onse akuyang'ana ine, mpaka nkhuku.

Dzuwa likulowa ndalowa kuchipinda, ndatsegula wadirobu mbali yake. Fungo la mafuta ake odzola. Ndaima pomwepo, sindikudziwa nthawi yaitali bwanji. Chitenje chobiriwira chili pamwamba penipeni, chopinda bwino, chosita. Anachisita yekha asanapite kuchipatala. Ankadziwa kuti Okutobala akubwera.

Kunja alamu akufunsa asuweni ngati Adamu amaloledwa kuvala jekete.

Lamulungu

Sewero lafupika kuposa zolengeza za feteleza.

Bambo Jere alenga kumwamba ndi dziko lapansi ndi mpweya umodzi. Alamu, Adamu wa jekete ndi nsapato zopolisha, pa kutcha nyama maina atchula ng'ombe zawo zokha, iliyonse ndi khalidwe lake, iyi ndi yaulesi, iyi imaponda. Mpingo kugwa nako kuseka.

Ine ndatulukira kuseri kwa nthambi ya gwafa yoimika mu ndowa, chitenje kumutu mpaka kumapazi. Mawu onse amene ndinaloweza athawa. Atuluka a Nambewe, ndi kakhosomo kake komwe kaja koyambira: "Mayi, tangolawani. Kulawa sikugula."

Aseka. Kenaka kuseka kwayamba kuzima, kuyambira kumabenchi a amayi. Ena akupukuta m'maso ndi nsonga za zitenje. Mayi Zulu alandira papaya. Mwamwayi Adamu wapulumutsa zinthu: wadya chipatso mosaleka, mbewu akulavulira m'thumba la jekete, mpaka Mulungu waitana kawiri, kachiwiriko mokwiya zenizeni.

Mkulu wa mapemphero osatha wadzuka ndi chifuwa. Wapempherera odwala a ku Chipata okha, ameni.

Tatuluka dzuwa lili pamutu.

Masana, pakhonde pathu. Mphasa zayalidwa, zovala zaunjikidwa pakati, abusa atsegula ndi pemphero. Alamu avula nkhope ya Adamu, alankhula ngati mwini mbumba. Akuti mlongo wawo ndinamusunga bwino. Sanabwererepo kumudzi ndi misozi. Ndinamudwazika mpaka tsiku lomaliza. Alibe nane mlandu, ngakhale waung'ono.

"Kuyambira lero ndinu mfulu. Takusudzulani."

Amayi aang'ono aviika chala m'kambale ka ufa woyera, andipaka pamphumi. Ndimayembekeza kuti pachitika chachikulu, kuti china chake chiduka m'kati ndi kuphokosera. Ayi. Panjira padutsa wogulitsa makala akuitanira malonda. Asuweni ayamba kupinda zovala.

Zagawidwa mwamtendere. Madiresi, maduku, nsapato za ku tchalitchi, makina osokera. Makiyi a masutikesi ndapereka ndekha asanafunse. Chitenje chobiriwira amayi aang'ono achitambasula, achiyang'ana, achipereka kwa abusa: "Ichi n'cha mpingo. Njoka mwaipeza kale." Abusa alandira ndi manja awiri. Ine palibe wandifunsa.

Madzulo ndakhala m'chipinda ndekha. Kuchokera pabalaza: "Alamu! Wailesi mumaisunga kuti? Mpira wayamba!"

Alamu. Atandisudzula masana omwe ano. Kaya aiwala, kaya achitira dala. Sindifufuza. Sabata ino ndafufuza mokwanira.

Wailesi ndawapatsa. Ufa ukadali pamphumi, ndisamba mawa.

Mawa akwera basi. Nditsala ndekha m'nyumba muno, ndi mahang'ala opanda zovala mbali ya Nambewe.